Mkazi Mnzanga Ali ndi Mchira

Lolemba, 5 Meyi

Makoswe andilowa m'thumba. Ndatsegula chipinda cha nsalu m'mawa uno, fungo lokhalokha, timanyi mbwee pashelefu. Nsalu ya madiresi a operekeza mkwatibwi aiboola pakati penipeni, osati m'mphepete moti munthu n'kubisa mumsoko. Mwini wake akubwera Loweruka kudzayesa. Ndigula ina ndi ndalama ya mapiritsi, za mapiritsizo ndiona kutsogolo. Msampha wa waya uja angodya buledi, osafwamphuka n'komwe.

Amuna anga, a Kalipentala monga amawatchulira aliyense mumsewu muno, ali pakhonde kuyambira m'mawa, mbale ya mtedza pamiyendo. Ndawaonetsa nsaluyo. Maso awo mumtengo wa mapeyala.

Sitiroko inawagwira kumayambiriro kwa chaka. Dzanja lamanja linafa, mwendo amachita kukoka, mawu anathawa onse. Anatsala ndi eya ndi ayi, awonso nthawi zina amawasinthanitsa. Liwu lachitatu linabwera mwezi watha. Dona. Ndinathamanga kuchokera kukhitchini, sopo m'manja, ndimati akuitana ine mwachikondi. Dona ndi gologolo. Wamkazi, wonenepa, khutu limodzi long'ambika.

Ine ndimawasambitsa, ndimawameta ndevu, ndimawaperekeza kuchimbudzi, ndimawamangira mabatani. Akafuna kanthu kwa ine amagogoda ndodo pansi. Gogogo, madzi. Gogogo, pilo. Liwu lolunjika kwa ine, ngakhale limodzi, silinatulukepo. Koma gologolo akangotsika mumtengo nkhope yonse ngwee, pakamwa pokhota paja mpaka pamawongoka.

Zaka zonsezi m'banja sindinakhalepo ndi mkazi mnzanga. Ndamupezera ku ukalamba, ali ndi mchira.

Lachiwiri, 6 Meyi

A Nesi abweranso. Aneba athu a kuseri kwa mpanda wa maluwa, anapuma ntchito kuchipatala, amuna awo anamwalira kalekale. Salowera pageti. Ali ndi mpata wawo pampanda, aukulitsa okha ndi chiuno chawocho. Perefyumu amafika kaye, eni ake pambuyo.

Amakhala pampando wanga. Amatenga dzanja lakufa lija n'kumaliwongola zala chimodzichimodzi, uku akuwalankhulitsa a Kalipentala ngati mwana wa kusukulu ya mkaka. Nenani mtengo. Nenani mtedza. Ine ndikayesa zomwezo amayang'ana kumbali.

Lero ndili pamakina ndamva ndi makutu angawa: “Taonani.” Liwu lathunthu, lomveka bwino, lochokera pakamwa pa a Kalipentala. Amawaonetsa a Nesi gologolo atagwira mtedza ndi manja awiri. Ndinaponda makina mpaka singano inathyoka. Singano yomaliza ya nsalu zopyapyala.

Adokotala anati azilankhula, zamutu kaya zopanda mutu, bola lilime lisagone. Ndiye ndiyenera kuthokoza. Ndathokoza. Ndawapangira a Nesi tiyi, m'kapu yong'aluka ija.

Makoko a mtedza pakhonde ponse, nyenyeswa m'ming'alu ya simenti. Usana agologolo, dzuwa likalowa makoswe. Walira mvula walira matope. Koma ndani angawauze eni khonde?

Lachinayi, 8 Meyi

Kusitolo ya zaulimi. Ndimafuna tinjere tija tomwaza, totchipa. Wogulitsa, mayi wina wamagalasi, anandifunsa ngati kwathu kuli ana, agalu kapena nkhuku. Ndinati kuli gologolo wa amuna anga. Anaseka, kenako tinjereto anatibweza pashelefu.

“Iti khoswe amatuta n'kukaunjika kwina, mawa mupeza mbalame yatola. Tengani timabulokoti. Tili ndi bowo pakati, mutunge pawaya m'bokosi lotseka, khoswe azidyera pomwepo.” Todulirapo, koma ndinagula. Magolovesinso. Anati khoswe wakufa ndizimukwirira mozama, chifukwa chomwe chamudya chimamutsatira. Ndipo makoswe akatha ndichotse nyambo yonse, osati kuisiya chaka chonse ngati maluwa.

Ndikutuluka anawonjezera kuti: “Mankhwalawa sasankha, mayi. Khoswe, gologolo, mphaka, mdzukulu wanu, kwa iwo onse ndi amodzi.”

Sasankha. Mawu amenewa andiperekeza m'basi njira yonse. Ndisaname, amandikomera. Ndinachita manyazi, ndinayang'ana pawindo, anabweranso.

Kufika kunyumba ndinaika paketi patebulo. Chithunzi cha khoswe pamwamba, chigaza cha munthu pakona. A Kalipentala ndodo pansi, osati gogogo wa madzi uja. “Ayi! Ayi!” Diso lankhwezule, osati pa paketi koma pa ine. Munthu amene wagona naye bedi limodzi mpaka imvi amadziwa maganizo ako usanawamalize.

Ndawauza kuti nsalu zikatha tidya mtedza wa Dona tonse. Ndawafotokozera za bokosi. Aloza kushedi.

Lachisanu, 9 Meyi

Shedi yawo ya zipangizo sinatsegulidwe chidwalireni. Akangaude, fungo la utuchi wakale, jekete lawo lantchito likadali pamsomali. Ndinawaikira mpando pakhomo. Anajambula pathabwa ndi dzanja lamanzere, mizere yokhotakhota koma yomveka. Ine wa sizasi, lero sowo.

Mabokosi awiri, aatali kuposa a nsapato. Bowo uku, bowo uku. Mkati kakhoma koti wolowa akhote kaye asanafike pa nyambo, dzanja la mwana kaya phazi la mphaka lisafikepo. Waya wopingasa wotungapo timabuloko. Chivindikiro cha mahinjesi, loko pamwamba. Ndikalakwitsa msomali, gogogo. Ndikakhoza, zii. Umu ndi momwe ankaphunzitsira anthu ntchito ali bwino, n'chifukwa chake ankawathawa.

Onse awiri tawaika m'chipinda cha nsalu, m'mbali mwa khoma momwe muli mzere wakuda wodutsa makoswe. Ndinati limodzi likhale panja pafupi ndi bini. Ayi wamkulu. Bowo lolowa khoswe, gologolo wamng'ono atha kulowanso. Panja pasakhale kanthu.

Kenako anandikweza pamakwerero, ine ndi mawondo angawa, kukakhoma waya wa timaso ting'onoting'ono pampata wa pansi pa denga. Ndimati akungondizunza. Kufika pamwamba, makoko a mtedza pamtanda wa denga. Kutanthauza kuti Dona amalowa m'nyumba mwanga, pamwamba pa nsalu zanga, ndipo iwo amadziwa. Makoswe tawasiyira njira yawo ya pansi, kuseri kwa kabati, mpaka athe.

Chinthu chimodzi ndilembe ndisanaiwale. Pocheka thabwa lachiwiri anaika dzanja lawo lamanzere pamwamba pa langa kuti sowo isakhote. Lofunda, lokhakhala ngati kale. Ndinacheka pang'onopang'ono dala. Ndikanatha, thabwa limenelo ndikanalicheka mpaka mawa.

Titamaliza ndinatambasula dzanja kuti andipatse makiyi. Anawatunga pachingwe n'kuvala m'khosi, mkati mwa malaya. Ndamva. Bokosi ndi lotchinga agologolo, loko ndi wotchinga ine.

Madzulo a Nesi pampata wawo. “Ha, a Kalipentala, manja anu akadali agolide!” Amuna anga anaseka, mapewa mpaka kugwedera. Matuza ali m'manja mwanga.

Lamlungu, 11 Meyi

Mwini madiresi anabwera dzulo, sanazindikire kuti nsalu ndi ina. Bola.

Mzime wathu waimba foni. Ndamuuza zonse. Waseka mpaka kutsamwa. “Amayi, nsanje ndi gologolo? Pa msinkhu wanuwo?” Ngati nsanje imafunsa zaka. Wati ndizithokoza kuti a Nesi amathandiza abambo ake ulere. Ulere umenewo ndi umene ukundisowetsa mtendere.

Masana ndinati ndiyese nanenso. Ndinasamba, ndinadzola, ndinakhala pampando wanga a Nesi asanafike, mtedza m'dzanja. Dona anatsika theka la mtengo, anandiyang'ana, mchira uku ndi uku, n'kuyamba kulalata. Kanyama kopanda mwambo. Sanatsike. A Kalipentala anadikira pang'ono, kenako anandikankha phazi ndi nsonga ya ndodo. Mofatsa ndithu. Tanthauzo lake: choka, ukumuopseza.

Ndinachoka. Ndinakalirira kuchipinda cha nsalu, pakati pa mabokosi a poizoni. Pawindo ndinamva “Dona, Dona,” mawu ofewa aja amene ankanditchulira nawo ine tisanabereke.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wanga wakhala pamtima pa mwamuna.

Lachiwiri, 13 Meyi

Khoswe woyamba wapezeka kuseri kwa kabati. Wamkulu ngati mwana wa mphaka. Magolovesi, pepala la pulasitiki, khasu. Dzenje kuseri kwa shedi, a Kalipentala kapitawo wanga pampando, ndodo ikuloza pansi. Kumba. Kumbabe. Mpaka linafika m'bondo, mwala pamwamba. Zonsezi chifukwa cha msulu uja umadutsa m'ngalande, ndi mphamba amene amazungulira masana, ndi amphaka a eni. Chilichonse chili ndi wochiteteza pakhomo pano. Msana wanga wokha ndi wamasiye.

Chimodzi ndapambana. Mtedza wa agologolo tsopano ndi wochepa, m'mawa mokha, pathabwa lomwe ndakhoma pamtengo. Masana ndimasesa zonse. Bini ndaigulira chivindikiro. Anavomera ndi eya wa mphuno.

A Nesi ndikusesa: “Aneba, makoswe anu asamukira kwanga. Mankhwala munagula kuti?” Makoswe anga. Ngati ndinawabereka. Ndawauza sitolo. Za tinjere ndi timabuloko sindinanene, za kukwirira sindinanene. Mabokosi anawaona okha ndi maso, mpaka manja agolide. Si nesi kodi? Wophunzira sauzidwa ndi telala.

Lero amuna anga awauza a Nesi mawu awiri motsatizana. “Wabwera uyo.” Ndinali pambali pomwepo ndi tsache.

Lachinayi, 15 Meyi

Masana. Anatsegula okha maloko, ine ndikutunga timabuloko tatsopano, takale tadyedwa mpaka pawaya. Kamodzi kanabenthuka, kachidutswa kanatsalira m'golovesi. Ndinatuluka nako kuti ndikakabwezere m'paketi. Paketi ili kushedi. Njira ya kushedi imadutsa pathabwa la Dona.

Ndinaima. Sindikudziwa kuti nthawi yaitali bwanji. Thabwa lili pamphuno panga, kachidutswa kabuluu m'dzanja. Dona anatsika mpaka panthambi ya m'munsi, timaso takuda tija pa ine, kamphuno kakugwedera. Lero sanalalate. Kanyama kokongola, ndisaname, n'chifukwa chake ndimadana nako. Ndinaganiza za khonde lopanda iye. Ndinaganiza kuti mwina maso aja akasowa poyang'ana adzatembenukira kwa ine.

Ndinapitirira. Kachidutswa kali m'paketi, paketi m'chitini, chitini pashelefu ya pamwamba. Ndasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono.

Koma pobwerera ndinawapeza aima pakhomo atatsamira ndodo. Anaona zonse. Ndikuwadziwa, chomwe asunge mumtima ndi kuimako, osati kupitirirako. Madzulo akana kuti ndiwamete.

Loweruka, 17 Meyi

A Nesi apita kwa mwana wawo, akakhalako masiku angapo. Anabwera kudzatsanzika, milomo yofiira, chikwama chatsopano. Anawagwira a Kalipentala paphewa potsanzikana. Paphewa!

Ndimati tsopano mpando wanga ndautenga. Ndakhalapo ndi zosoka za pamanja tsiku lonse. Pakhonde zii. Ngakhale eya.

Makoswe ena awiri m'dzenje. Fungo m'chipinda cha nsalu layamba kuchepa. Mapiritsi atsala pang'ono, mwini madiresi akuti amaliza kulipira akadzatenga.

Lolemba, 19 Meyi

Dzulo Dona anabwera mochedwa. Anakhala pathabwa atadzikunga, mtedza osaukhudza, kenako anakwera pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Lero sanabwere. Agologolo ena awiri adya n'kupita. A Kalipentala sanawayang'ane n'komwe.

Lachiwiri, 20 Meyi

Sanabwere. Phala akana, tiyi akana, mapiritsi ndachita kuwanyengerera ngati mwana.

Anandilondola kuchipinda cha nsalu, anatsegula maloko okha. Timabuloko tili pawaya. Anandikwezanso pamakwerero, waya wa padenga uli bwinobwino. Kushedi, chitini chotseka, paketi yomanga. Chilichonse chili m'malo mwake. Ndiye kwatsala njira imodzi yokha yoti poizoni n'kufika kwa Dona, ndipo njirayo ndi ine. Sananene. Alibe mawu onenera. Angondiyang'ana kuchokera kumaso mpaka m'manja.

Ndalumbira. Ndatchula ana athu. Ndodo ili chigonere pamiyendo.

Madzulo ndinapezeka ndili pansi pa mtengo wa mapeyala, mtedza m'dzanja, ndikuitana. Dona, Dona. Ine amene, kuitana mkazi mnzanga kuti abwerere kwa mwamuna wanga. Wina akanandiona akanati mayi telala mutu wazungulira. Koma akapanda kubwera, munthu uyu andifera pampando ndi njala, akundiyesa wakupha.

Lachitatu, 21 Meyi

Ndamupeza.

Ndinayamba ndi m'ngalande, pansi pa mitengo, kuseri kwa shedi. Ndinavala magolovesi poopa kukumana ndi khoswe wakufa. Kenako ndinati ndisuzumire kwa a Nesi, ndinadutsira pampata wawo womwewo. Kuseri kwa khitchini yawo ndinangoti kakasi. Tinjere tobiriwira paliponse. M'masosala, pachivindikiro cha ndowa, tina tomwaza m'mphepete mwa mpanda ngati akudyetsa nkhuku. Panja, poyera, popanda chotchinga chilichonse. Njiwa yakufa pafupi ndi mpopi. Gologolo wamng'ono pansi pa maluwa. Dona patsinde pa mpanda, mutu utaloza kwathu. Khutu long'ambika lija, timagazi touma pamphuno.

Choyamba kubwera mumtima mwanga sichinali chisoni. Chimwemwe, chotentha, mpaka m'makutu. Onse awiri tsiku limodzi, wina wafa, wina ndiye wapha. Chisoni chinabwera pambuyo nditamunyamula. Wopepuka ngati kansalu kotsala podula.

Masosala ndinawaunjika pamodzi n'kuwavundikira ndi beseni, mwala pamwamba. Zomwazikazo zinandikanika ndekha.

Kupusa kwanga kunali kumunyamula. Ndikanawatenga a Kalipentala ndi ndodo yawo pang'onopang'ono kuti akaone okha. Koma ayi, ndinatulukira pakona ya nyumba nditavala magolovesi a poizoni omwe aja, Dona m'manja.

Anaimirira okha, mbale ya mtedza pansi phwaa. Pakamwa panavutika, panavutika, mitsempha ya m'khosi njoo. Kenako chinatuluka. “Iwe.” Anapuma. “Iwe. Wapha.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za tinjere. Ndinatsekanso. Chiyambireni chaka, awa ndi mawu oyamba olunjika kwa ine. Oipa, abodza, koma anga. 

Ndakwirira onse atatu m'dzenje lakuya. Za a Nesi sindinenabe. Ndikanena ine ati nsanje, ndipo ali ndi chifukwa. Akamve kwa mwini wake.

Lachinayi, 22 Meyi

A Nesi afika masana. Sindinawalole n'komwe kuvula nsapato. Ndinawatengera kuseri kwa khitchini yawo, ndinavundukula beseni, ndinawaonetsa pomwe panagona chilichonse. Anakhala pansi padothi ndi siketi yawo yoyerayo.

“Sitolo ija ndinapeza yotseka, aneba, ndiye ndinagula pamsika, m'kapepala kopanda dzina. Ndimati pobwera ndipeze atha.” Anathadi, koma ena.

Tagwada awiri mpaka dzuwa kupendeka. Kutola kanjere kamodzikamodzi, kupala dothi la pamwamba ndi fosholo, zonse m'chitini chotseka. Pansi pa maluwa tinapeza mulu wina umene makoswe anatuta, ndendende momwe ananenera mayi wa kusitolo. Misozi yawo imadontha pamagolovesi. Mawondo awo amalira ngati anga, ndinali ndisanadziwe.

Anandifunsa kuti bwanji sindinawauze za timabuloko tsiku lija. Sanafunse mokalipa. Ndinati ndinaiwala. Anagwedeza mutu n'kupitiriza kutola.

Ati awauza okha a Kalipentala. Ndati Lamlungu masana, mawa tili ndi ulendo wa kuchipatala, Loweruka madiresi akudzatengedwa. Zoona zake n'zakuti ndikufuna ndikonzekere. Ndivale bwino, ndikhale pampando wanga, ndione ndi maso anga nkhope ya amuna anga ikuwazimira.

Kunyumba a Kalipentala anavula makiyi m'khosi n'kundigenda nawo. Anagwera m'phala.

Lachisanu, 23 Meyi

M'mawa ndikuwamangira mabatani anandikankha dzanja. “Mtima wako.” Ndinaima. “Woipa. Kuyambira kale.” Ndinati kale liti? “Nkhunda zanga!”

Nkhunda! Za nthawi imene mzime anali kumsana, zomwe ndinawagulitsitsa. Magazi anandiwira, ndinaiwala kuti ndi wodwala. Ndinati zinkanyera zovala za makasitomala pachingwe. “Bodza!” Ndinati bodza ndi lawo, amene ankati akupita kukagula misomali n'kubwera atanunkha. “Pakamwa pako!” Ndinati pakamwa pomwepa ndi pamene pamapemerera phala lawo. “Sindinakutume!”

Sindinakutume. Liwu lalitali chonchi, osapunthwa paliponse. Tinakangana ngati anthu, mpaka basi inatsala pang'ono kutisiya. Batani lomaliza anamanga okha ndi dzanja lamanzere, kuti ndisawakhudze.

Kuchipatala adokotala anawaonetsa zithunzi monga mwa nthawi zonse. Kapu, anaphonya. Galimoto, anaphonya. Kenako ine ndinawakonza kolala, iwo n'kuphulika pamaso pa adokotala, mawu mndandanda, ena oti sindingalembe. Adokotala anaika cholembera pansi. “Mwasintha chiyani kunyumba, mayi?” Ndinati palibe kwenikweni. “Chilichonse chomwe mukuchita, pitirizani.”

Pobwerera m'basi anakhala choyang'ana pawindo, msana kwa ine. Ndinagula nthochi. Anakana ndi mawu, osati ndi mutu. Kufika kunyumba adya phala lonse, mwaukali, supuni ikugunda mbale.

Loweruka, 24 Meyi

Madiresi atengedwa, mapiritsi ndagula.

Timabuloko sitinakhudzidwe chiyambire Lachiwiri. Ndachotsa nyambo yonse, ndatsuka mabokosi, bowo la kuseri kwa kabati ndamata ndi simenti. Zotsala ndi chitini cha a Nesi ndikazisiya kusitolo ija Lolemba, mayi wamagalasi anati amalandira. Pakhomo pano palibenso poizoni wapoyera. Bwenzi zikanatha chonchi poyamba pomwe, popanda maliro.

Ndikumata simenti anaima kumbuyo kwanga. Akuti ndasakaniza ngati phala la mwana, ndilibe nzeru, ndinalibe chiyambire. Ndinawayankha, anandibwezera. Ndinachedwetsa ntchitoyo dala.

Lamlungu, 25 Meyi

Ndinavala diresi labwino monga ndinakonzera. Masana ndinaona a Nesi akubwera kuseri kwa mpanda, opanda perefyumu, maso otupa, manja atapinda pamimba. Ndinanyamuka n'kukakumana nawo asanalowe.

Ndawauza kuti asanene. Lero ayi, mawa ayi. Azibwera monga kale, aziwongola zala, azinenetsa mtengo ndi mtedza, koma za tinjere zithere kuseri kwa khitchini yawo. Anandigwira manja onse awiri, akulira. “Mulungu akudalitseni, aneba, muli ndi mtima wabwino.”

Mtima wabwino uti? Amuna anga akangodziwa, mkwiyo wonsewu usamukira kwa a Nesi. Mawu onsewa, ataliatali awa, apita kuseri kwa mpanda, ine ndibwerera kukhala mipando ya m'nyumba. Kuseka kwawo kunapita kwa ena, mawu ofewa anapita kumtengo. Mkwiyo uwu ndi wanga ndekha, ndaulipira, sindigawana ndi munthu.

Zikundiwawa, ndisaname. Amagona choyang'ana kukhoma. Ndevu zafika poipa, salola kuti ndiyandikire ndi lezala. Mwina adzapita kumanda akukhulupirira kuti mkazi wawo anapha kanyama kamene kanawabwezera lilime. Ndaziganizira zimenezi mpaka mutu kuwawa. Ndayerekeza ndi chete uja wa miyezi yonseyi, ndapeza kuti chete sindingamupirirenso.

Akukuwa pakhonde. Akuti tiyi alibe shuga, ndachita dala, ndikufuna kupha ndi iwo omwe. Chiganizo chathunthu, liwu lililonse pamalo pake, mpaka mumsewu akumva.

Shugayo sindinaikedi. Ndikupita ndikakane.